Ngongole za Kazuma ndi chifukwa chake ndimaikira kumbuyo mabuku a KonoSuba

Mkangano umene sutha pakati pa okonda KonoSuba, nkhani yoseketsa ya ku Japan, ndi wakuti, kodi munthu n'kuvutikiranji kuwerenga mabuku ake pomwe makatuni alipo kale? Ine ndili mbali ya mabuku. Ambiri amene ndakambirana nawo nkhaniyi amaitenga ngati phokoso la anthu anayi opusa basi, koma kwa ine ndi nkhani ya ndalama ndi ngongole, ndipo mbali imeneyi imamveka bwino papepala. Ndiulula zina za m'mabuku asanu ndi awiri oyambirira, choncho amene simufuna kudziwiratu mukhululuke.

Mlembi wake ndi Natsume Akatsuki wa ku Japan. Anayamba kuilemba kumapeto kwa 2012 pa Shōsetsuka ni Narō, malo a pa intaneti pomwe aliyense amaikapo nkhani zake kuti anthu awerenge ulere. Mu 2013 kampani ya Kadokawa inayamba kuisindikiza, zithunzi akujambula Kurone Mishima, ndipo inatha mu 2020 itakwana mabuku 17. Ndi timabuku tija amati light novel, tating'ono tokwana m'thumba la jekete, ta ziganizo zifupizifupi, anthu akungoyankhana, ndi chithunzi apo ndi apo. A Chingerezi anayamba kutuluka mu 2017 ku Yen Press, womasulira ali Kevin Steinbach. Apa n'kuti makatuni atatsogola kale mu 2016, n'chifukwa chake ambiri a ife kunja kwa Japan tinayamba ndi kuonera.

Nkhani imayamba ndi imfa. Kazuma Satou ndi mnyamata wa zaka 16 wongobindikira m'nyumba n'kumasewera magemu. Tsiku limene watuluka, akuona mtsikana ali pafupi kugundidwa ndi chimene iye akuyesa lole, n'kumukankhira kumbali. Chinali chithirakitala choyenda pang'onopang'ono, ndipo iye anafa ndi mantha okha osakhudzidwa n'komwe. Kumene wafikako, mulungu wamkazi dzina lake Aqua akumuseka mpaka kugwira nthiti, kenako akumuuza kuti asankhe chinthu chimodzi chopita nacho ku dziko lina kukalimbana ndi Mfumu ya Ziwanda. Anzake amene anafa kale ankasankha malupanga ndi mphamvu zodabwitsa. Kazuma, mtima utamupsa, akusankha Aqua yemweyo.

Mnzanga wina wa kuntchito amati nthabwala za KonoSuba zili m'mawu a ochita sewero, ndipo papepala zimazizira. Akunena zoona pang'ono. Mmene Rie Takahashi amafuulira Megumin, mtsikana wamatsenga wa m'gulu la Kazuma, akamaphulitsa matsenga ake, kapena mmene Sora Amamiya amalirira ngati mwana wolandidwa chigumu akakhala Aqua, palibe womasulira angaziike m'zilembo. Ngakhale ine ndikamawerenga ndimamva mawu awo m'mutu.

Koma mabukuwa amasimbidwa ndi Kazuma mwini wake, ndipo ukakhala m'mutu mwake umapeza kuti nthawi zonse akuwerengera ndalama. Tsiku loyamba lenileni, iye ndi Aqua akufika m'tauni ya Axel alibe kalikonse m'thumba, pomwe kulembetsa ku bungwe la osaka zilombo n'kolipira ma eris 1,000 munthu mmodzi. Aqua, mulungu wathunthu, akukapempha ndalamazo kwa wansembe wa chipembedzo cha Eris, mulungu amene ndi wamng'ono kwa iye, yemwenso ndalama za dzikolo zimatchedwa dzina lake. Akatero sakupita kukapha zinjoka ayi. Akugwira ganyu pa zomangamanga, madzulo kukasamba, kudya, n'kukagona m'khola la akavalo. Ntchito yawo yoyamba yeniyeni ndi kupha achule asanu aakulu kuposa ng'ombe, ndipo Aqua akumezedwa, miyendo yokha ili panja. Ambiri amakumbukira mamina a chule aja. Ine ndimakumbukira zimene zikutsatira: Kazuma akutenga malipiro, akuwagawa m'mutu pa chiwerengero cha anthu ndi masiku amene agwira ntchito, n'kupeza kuti waika moyo wake pachiswe chifukwa cha ndalama zosasiyana kwenikweni ndi za ganyu uja. Pa katuni zimenezi zimadutsa m'kuphethira kwa diso. M'buku umakhala naye pansi n'kuwerengera limodzi.

Nkhani ya kabichi ndi chimodzimodzi. M'dziko limenelo kabichi akakhwima amauluka kuthawa kudyedwa, ndipo tauni yonse imatuluka kukamugwira chifukwa mutu umodzi amagula ma eris 10,000. Aqua anaumirira kuti aliyense adye zake, osagawana, poganiza kuti iye ndiye wagwira wambiri. Anali atayamba kale kumwa pa ngongole podalira ndalama zimenezo. Pa tsiku lolandira zinapezeka kuti zambiri zimene anagwira ndi letesi, wotsika mtengo, ndipo anatembenukira kwa Kazuma misozi ili mbwembwembwe. Amene munakhalapo ndi m'bale woti malipiro anu akangolowa iye wafika kale pakhomo, Aqua mukumudziwa popanda wina kukufotokozerani. Chimene ndimakonda n'chakuti Kazuma amadandaula, amanyoza, koma mapeto ake amatulutsa ndalamazo.

Ndiye pali Beldia, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Mfumu ya Ziwanda, amene amayenda atanyamula mutu wake m'manja. Iye sanabwere ku Axel kudzawononga. Anabwera kudzadandaula, chifukwa Megumin anali atasandutsa nyumba yake malo oyeserera. Mtsikanayu amadziwa tsenga limodzi lokha, lophulitsa, ndipo akaliponya kamodzi mphamvu zonse zimamuthera n'kugwa chafufumimba, moti Kazuma ankachita kumubereka pobwerera tsiku ndi tsiku. Pomenyana, anazindikira kuti Beldia amaopa madzi, ndipo Aqua anaitana chigumula. Anapambana. Mphotho inali ma eris 300 miliyoni. Koma madzi aja anagumula mpanda wa tauni ndi nyumba za anthu, ndipo bilu yokonzera inaposa mphothoyo. Buku loyamba likutha ngwazi zathu zili ndi ngongole ya ma eris 40 miliyoni, dzinja likubwera, pogona pakadali m'khola. Lachiwiri nalonso sapuma: akupulumutsa tauni ku chimakina choyenda chotchedwa Destroyer, koma chinthu chophulika chimene anachichotsa m'katimo chikukagwera pa nyumba ya bwanamkubwa Alderp, ndipo Kazuma akumangidwa n'kukaimbidwa mlandu. Nkhani zambiri za mtundu umenewu, zimene a ku Japan amati isekai, zimapatsa mnyamata mphamvu ndi ulemu atangofika. Akatsuki anam'patsa mabilu, ndipo nthabwala zake zonse zabwino zamera pamenepo.

Pali dandaulo lina limene sindingalikane. Mchemwali wanga anawerenga buku loyamba n'kundibwezera, akuti sangapitirize. Chinamunyansa ndi nthabwala zolaula. Kazuma ali ndi luso loba zinthu ndi matsenga, ndipo kangapo konse chimene chimabwera m'manja mwake ndi chovala cham'kati cha mtsikana. Darkness, msilikali wamkazi wa m'gulu lawo amene lupanga lake silimenya chilichonse, amasangalala akamazunzidwa, ndipo mlembi amaibwereza nthabwala imeneyi mpaka kutopetsa. Choipa kwambiri n'chakuti Megumin ali ndi zaka 13 pomwe nkhani ikuyamba, koma nthabwala zoterezi sizimulambalala. Owerenga ena amati ndi mmene mabuku a mtunduwu alili, tingozolowera. Ine sindivomereza. Malo amenewo amandipweteka, nkhaniyo ikanakhala yabwino kuposa apa popanda iwo, ndipo mwana wa Fomu 1 sindingam'patse mabukuwa ngakhale chikuto chake chikuoneka cha ana. Pano mabuku ndiwo amalemera kwambiri kuposa makatuni, chifukwa maganizo a Kazuma umawamva onse osasefa.

Koma amene amati anthu a m'nkhaniyi sasintha, ndiye ndimatsutsana nawo kotheratu. M'buku lachisanu, atapita kwawo kwa Megumin, mtsikanayu akufika poona kuti kukakamira tsenga limodzi kukulemetsa anzake. Akupereka khadi lake kwa Kazuma, lija limalembedwa maluso a munthu, n'kumupempha kuti amusankhire matsenga ena othandiza, poti iye mwini dzanja silingalole. Kazuma wakhala akudandaula za kuphulitsa kumeneku kuyambira tsiku limene anakumana. Akulandira khadilo, akulibweza, ndipo Megumin ataponya tsenga akupeza kuti Kazuma wathira mapointi onse ogulira maluso ku kuphulitsa komweko. Palibe mawu okoma amene akunenedwa. Filimu ya 2019 inaonetsa bwino malo amenewa, sindikana.

Pachimake penipeni kwa ine ndi buku lachisanu ndi chiwiri. Pofika apa Kazuma walemera. Wakhala akugulitsa nzeru za zinthu za ku Japan kwa Vanir, chiwanda chimene chimathandiza pa sitolo ya mnzawo Wiz, ndipo maloto ake ongogona osagwira ntchito ali pafupi kukwaniritsidwa. Kenako Darkness akusowa. Zikudziwika kuti banja lake, la a Dustiness, lili ndi ngongole yaikulu kwa Alderp, ndipo iye wavomera kukwatiwa naye kuti ithe. Ngongoleyo sinabwere chifukwa cha kusakaza. Banjalo linasenza mwakachetechete zowonongeka zija za chigumula ndi za Destroyer, zimene ife owerenga tinaziseka m'mabuku awiri oyamba n'kuiwala. Kazuma akugulitsa zonse zimene ali nazo m'mutu, n'kukakhuthula ma eris 2 biliyoni pa ukwati pomwepo. Munthu yemwe uja wowerengera ndalama za achule. Makatuni a 2024 anaionetsa nkhaniyi, koma kulemera kwa ndalamazo amakumva bwino ndi amene wayenda naye Kazuma tsamba ndi tsamba, akumumva akulira ndi eris iliyonse yotuluka m'thumba.

Za mmene anamasulira, owerenga amagawanika pa tinthu ting'onoting'ono, makamaka amene anazolowera mayina ena a pa makatuni. Ine chimene ndimayang'ana n'chimodzi: kodi anthu akamakangana, mawu akuthamanga? Kwa Steinbach amathamanga. Kazuma amamveka ngati mnyamata wotopa ndi anzake, ndipo suchita kubwerera m'mbuyo kuti udziwe amene akulankhula, ngakhale pamene anayi onse akulalatirana.

Ambiri amati kuchokera pa buku lachisanu ndi chitatu nkhani imayamba kukoka miyendo, ndipo ndikugwirizana nawo. Iwo amaloza zachikondi, zoti Kazuma ali pakati pa Megumin ndi Darkness, lero watsala pang'ono, mawa wina wasokoneza, mabuku n'kumapita. Ine ndimaona kuti vuto linayamba pamene njala inatha. Anthuwa akakhala ndi nyumba yabwino ndi chakudya chokwanira, mlembi amachita kuwafunira chifukwa chotulukira panja, pomwe kale ngongole inkawatulutsa yokha m'mawa uliwonse. Muli malo osekesa ndithu m'mabuku otsatirawa, monga Aqua kulera mwanapiye n'kumaumirira kuti ndi chinjoka chifukwa anagula dzira lake pa mtengo wokwera, ndipo awiri omaliza amabwezeretsa mphamvu. Onse 17 ndinawerenga ndipo sindidandaula. Koma amene ndimabwereza ndi asanu ndi awiri oyambawo, ndipo mnzanga wa kuntchito uja ndamuuza kuti tidzakambiranenso akamaliza amenewo.