Zikwama zathu zopita nazo ku uzimba m'chigwa cha Luangwa

Ntchito yanga inali utelala wamba. Ndinali ndi makina amodzi a Singer pakhonde la sitolo pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndikusoka mayunifomu a sukulu ndi kuika zigamba. Za uzimba ndinalowamo chifukwa cha alamu anga, amene ankaphika pa kampu ya alenje ku Lupande, dera lozungulira South Luangwa National Park chakum'mawa, kumene boma limalola kusaka ndi layisensi. Tsiku lina anabwera ndi tenti yong'ambika kuti ndiisoke, kenako ina, ndipo pamapeto pake anandifunsa ngati ndingasoke zikwama zoberekera kumsana za anthu onyamula katundu.

Pofuna njati, mlenje sakhala pa kampu yaikulu masiku onse. Amachoka ndi olondola mapazi, wosenda zikopa, wophika ndi sikauti wa boma (mlonda wa nyama zakutchire), n'kukagona kutchire masiku atatu kapena asanu komwe galimoto siifika. Chilichonse chimene adzadye, kumwa kapena kugonapo chimayenda pamsana pa munthu.

Zikwama zanga zoyamba zinali zisanu ndi chimodzi, za nsalu yolimba yabuluu imene ndinaipeza motchipa. Ndinkazinyadira. Patapita milungu iwiri anandiitana ku Mfuwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ndipo mkulu wa olondola mapazi, bambo wachikunda wa imvi, anaziyala pansi pa mtengo wa tsanya n'kundikhazika pa chitsa.

"Mwana wanga, unayamba wagonako kutchire?" anandifunsa. Ndinati ayi. Anaitana mnyamata wina kuti avule malaya. Msana ndi khosi lonse zinali zotupatupa. Akashembe, ntchentche zopatsa matenda a kaodzera zija, amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, ndiye ine ndinali nditawabereketsa anyamatawo nyambo. Kenako anatenga chikwama china n'kuchigwedeza: zitsulo zomangira malamba zinalira ngwe ngwe ngwe. "Njati imamva zimenezi ili kutsidya kwa dambo," anatero. Lamba wa chachitatu anali ataduka tsiku lachiwiri la ulendo, ndipo anamanga ndi luzi lomwe linamucheka mwini wake paphewa. Sanandikalipire. Anangoti ndikhale nawo masiku awiri ndione mmene amalongedzera.

Masiku awiri amenewo ndiwo anabala bizinesi imene tili nayo lero. Ndinaona kuti chikwama amachipanga poyambira pa katundu wolowamo ndi munthu wochisenza, ndipo nsalu imabwera pambuyo. Chinthu cholemera kuposa zonse ndi madzi. Lita imodzi ndi kilo imodzi, ndipo mu Okutobala, pamene m'chigwamo kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu woyenda tsiku lonse amamwa malita anayi kapena asanu osavutika. Palibe angasenze madzi a masiku asanu. Amatenga a tsiku limodzi, ena amakafukula mumchenga wa mitsinje youma, kusefa pansalu ndi kuthira klorini. Choncho thumba la zigubu timaliika pakati, chogundana ndi msana, kuti lisamakokere munthu chagada. Chogonera ndi neti ya udzudzu zimapita pansi chifukwa zimafunika usiku wokha. Pamwamba pamakhala zimene ungazifune mwadzidzidzi: tochi, mabandeji, mankhwala a malungo, timapaketi ta ORS tobwezeretsa madzi m'thupi ndi machesi otsekeredwa m'kabotolo kapulasitiki.

Wachiwiri pa kulemera ndi mchere, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Chikopa cha nyama chikapanda kuthiridwa mchere wambiri maola ochepa itaphedwa, m'kutentha kotere ubweya umayamba kusosoka, ndipo mlenje amene walipira ndalama zambiri amabwerera ndi chinthu chowola. Mcherewo umadyanso zipi ndi ulusi. Tinausokera matumba akeake okhala ndi pulasitiki mkati, omanga ndi chingwe. Zipi tinasiyiratu kuika pa zikwama zazikulu, popeza fumbi ndi minga zimaipha msanga ndipo kutchire kulibe woikonza.

Pa zakudya ndinaphunzira kwa alamu anga. Nyemba sapita nazo, zimatha madzi ndi nkhuni. Amatenga ufa, kapenta, soya, tiyi, shuga ndi chiponde, ndipo sawerengera nyama imene sinaphedwe, chifukwa mukhoza kulondola njati masiku anayi osawombera chipolopolo n'chimodzi chomwe. Lero chakudya timalongedza tsiku ndi tsiku, thumba lililonse ndi nambala yake, kuti cha Lachinayi chisathe Lachiwiri. Mfuti ndi zipolopolo sitikhudza. Zimenezo ndi za mlenje ndi zikalata zake.

Mu Januwale 2013 nduna ya zokopa alendo ya nthawiyo, mayi Sylvia Masebo, inaimitsa uzimba m'madera ambiri ndi kuletsa kusaka mikango ndi anyalugwe. Makampu anatseka, ndipo tinatsala ndi mipukutu ya nsalu ya khaki yomwe tinagula pa ngongole. Anyamata awiri amene ndinawalemba ntchito ndinawauza kuti apume. Amene anatipulumutsa ndi masikauti a m'midzi, oyenda masiku ambiri kutchire kuonjola misampha ya waya, komanso makampu oyendetsa alendo wapansi kukaona nyama. Onsewo ankafuna chikwama chofanana ndi cha alenje: chosalira, chosakopa akashembe, chosacheka mapewa. Pamene uzimba unatsegulidwanso mu 2014, theka la makasitomala athu linali la anthu osawombera n'komwe, ndipo zakhala choncho mpaka pano, ngakhale bungwe loyang'anira nyama zakutchire la ZAWA litasinthidwa kukhala Department of National Parks and Wildlife.

Tsopano tili ndi makina anayi ndipo amayi a kunyumba ndiwo amasunga mabuku. Pakhomo pa shopu papachikidwa sikelo. Chikwama cha wonyamula katundu chikapitirira makilo 20 timachitsitsa n'kumasula, ngakhale mwini ulendo atakwiya bwanji. Ena tawatayapo chifukwa cha lamuloli, ndipo sindidandaula, popeza msana wa mnyamata uja ndimaukumbukirabe. Mwezi wa Epulo ukafika, nyengo ya uzimba isanayambe, zikwama za chaka chatha zimabwerera kuti tizikonze. Timayamba tazikung'untha panja titavala magolovesi, chifukwa zambiri zimabwera ndi ubweya wa chitedze m'misoko.