Mmene ndinachepetsera ngongole ya kuchipatala ku America ndisanalowe m'kafukufuku wa mankhwala

Ku United States kuli lamulo la EMTALA la chaka cha 1986, limene limaletsa zipatala zolandira ndalama za Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu okalamba, kubweza munthu amene wafika ali kayakaya chifukwa choti alibe ndalama, koma lamulolo silinena kuti chithandizocho ndi chaulere. Ine ndinachitidwa opaleshoni yadzidzidzi pa nthawi imene ndinalibe inshuwalansi, ndipo mabilu atayamba kufika anaposa ndalama zimene ndinkapeza pa miyezi ingapo. Mnzanga wina anandiuza kuti ndilowe m'kafukufuku wa mankhwala, kumene anthu athanzi amapatsidwa ndalama chifukwa cholola kuti mankhwala atsopano ayesedwe pa iwo. Zonse ziwiri, kukambirana ndi chipatala za ngongoleyo ndi kulowa m'kafukufukuyo, ndinazichita, koma ndinayamba ndi chipatala, ndipo aliyense amene ali m'vuto lotere ndingamulangize kuti ayambenso komweko.

Choyamba ndinaimbira ofesi yoona za malipiro n'kupempha bilu yolembedwa mwatsatanetsatane, yosonyeza mankhwala aliwonse, kuyeza kulikonse ndi mtengo wake, chifukwa pepala loyamba limangosonyeza ndalama zonse pamodzi. Itafika ndinapeza kuti kuyeza magazi kwina kunalembedwa kawiri, ndipo nditawasonyeza anachotsa popanda kulimbana nane. Ndinazindikiranso kuti dokotala wogonetsa odwala tulo pa opaleshoni ndi a kulabotale anatumiza mabilu awoawo, choncho aliyense ndinayenera kukambirana naye payekha.

Chimene chinandipepuza kwenikweni ndi thandizo limene zipatala zosachita phindu zimalamulidwa kupereka. Lamulo la Affordable Care Act la 2010 linawonjezera gawo la 501(r) m'malamulo a misonkho, ndipo gawo limeneli limafuna kuti chipatala chotere chikhale ndi ndondomeko yolembedwa yothandizira odwala osapeza bwino, chilandire mafomu opempha thandizo kwa masiku 240 kuchokera pa bilu yoyamba, komanso chisachite zinthu zikuluzikulu zolondola ngongole, monga kusumira munthu kukhoti, masiku 120 asanathe. Munthu akavomerezedwa, salipiritsidwa zoposa zimene anthu a inshuwalansi amalipiritsidwa kawirikawiri. Fomu yake ndinaipeza pa intaneti, patsamba la chipatalacho, ndipo ndinaphatikizapo mapepala osonyeza malipiro anga, zikalata za msonkho za chaka chapitacho ndi sitetimenti ya kubanki. Iwo amayerekeza ndalama za banja lonse ndi mulingo wa umphawi umene boma limalengeza chaka ndi chaka, koma malire ake chipatala chilichonse chimaika chokha, moti munthu wokanidwa kwina akhoza kuvomerezedwa kwina. Ndinapempha kuti aimitse kaye kulondola ngongoleyo pamene akuunika fomu yanga, ndipo nthawi iliyonse ndikalankhula nawo pa foni ndinkalemba m'kope tsiku, dzina la amene wandiyankha ndi zimene wandilonjeza. Ndinafunsanso za Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu osapeza bwino, imene pa nthawiyo m'zigawo zina inkalipira mabilu a miyezi itatu ya m'mbuyo, koma ine sindinali m'gulu la oyenerera.

Yankho litabwera, gawo lalikulu la ngongole linakhululukidwa, ndipo yotsalayo tinagwirizana kuti ndizibweza mwezi ndi mwezi popanda chiwongoladzanja. Sindinalole kulipira ndi kirediti kadi ngakhale anandiuza kuti n'zotheka, chifukwa ngongole ikangochoka m'manja mwa chipatala n'kupita kubanki imayamba kubereka chiwongoladzanja, ndipo mwayi wokambirananso za kuichepetsa umakhala wochepa kwambiri.

Apa m'pamene ndinayamba kufufuza za kafukufuku uja, ndili ndi ngongole yodziwika kukula kwake komanso thupi litachira. Ndinagwiritsa ntchito ClinicalTrials.gov, kaundula amene National Library of Medicine inatsegula mu 2000, kumene munthu amasankha dera limene akukhala n'kuonetsa kuti akufuna kafukufuku wolandira anthu athanzi. Mankhwala atsopano amayesedwa m'magawo. Gawo loyamba limatenga anthu ochepa, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 100, ndipo cholinga chake ndi kuona ngati mankhwalawo ali otetezeka ndi mmene thupi limawagayira. Magawo achiwiri ndi achitatu amatenga odwala matenda amene mankhwalawo akufuna kuchiza, ndipo chiwerengero chimafika mazana kapena zikwi. Ndalama zooneka zimapezeka m'gawo loyamba, pa chifukwa chomveka: munthu wathanzi sapindula kalikonse ndi mankhwalawo, ndipo nthawi zambiri amayenera kugonera komweko.

Atandifunsa mafunso pa foni anandiitana kuti akandiyeze, koma asanandikhudze n'komwe anandipatsa chikalata chofotokoza kafukufukuyo, chimene munthu amasaina posonyeza kuti wamvetsa ndipo wavomera mwa kufuna kwake. Chikalatachi n'chachitali ndipo chimatopetsa, komabe sichinabwere mwangozi. Malamulo a Nuremberg a 1947 ndi chikalata cha Helsinki cha 1964 anakhazikitsa mfundo yoti munthu asayesedwe mankhwala popanda chilolezo chake, ndipo ku America komweko nkhani ya ku Tuskegee, kumene amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osalandira chithandizo kuyambira 1932 mpaka 1972 kuti ofufuza aone mmene matendawo amakulira, ndiyo inachititsa kuti malamulo akhwimitsidwe. Lero kafukufuku aliyense wotere amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yapadera yotchedwa IRB, ndipo nambala yake ya foni imalembedwa m'chikalatacho kuti wolowa kafukufuku adziwe kokadandaula.

Chikalatacho ndinapita nacho kunyumba, ndipo ndinabwerera ndi mafunso. Ndinafunsa ngati mankhwalawo anaperekedwapo kwa anthu ena kapena ife ndife oyamba, chifukwa ndinkadziwa zimene zinachitika ku London mu 2006, pamene amuna 6 athanzi anadwala mwakayakaya atapatsidwa mankhwala a TGN1412 motsatizana pa nthawi yochepa. Kuchokera nthawi imeneyo m'kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amayamba ndi munthu mmodzi kapena awiri, n'kudikira kaye asanapatse ena. Funso limene ndinalimbikira kwambiri linali lakuti ndani adzalipire chithandizo ndikadzavulala, popeza malamulo a boma la America sakakamiza kampani kutero; amangofuna kuti chikalata chinene ngati thandizolo lilipo. Kwa munthu amene akuthawa ngongole ya kuchipatala, ndime imeneyi ndi yofunika kuposa ndime ya malipiro, ndipo ikanakhala yosamveka sindikanasaina.

Poyeza anatenga magazi ndi mkodzo, anaunika mtima ndi makina a ECG, anandiyeza msinkhu ndi kulemera, ndipo anafunsa za fodya, mowa, mankhwala amene ndimamwa ndi opaleshoni yanga ija. Ndinanena zonse. Ndikudziwa kuti ena amabisa matenda poopa kukanidwa, koma wobisayo ndi amene amaika moyo wake pachiswe, ndiponso amasokoneza zotsatira zimene odwala adzadalire m'tsogolo.

Masiku amene ndinagonera kumeneko anali otopetsa koposa kukhala oopsa. Tsiku lolandira mankhwala tinadzuka osadya kanthu, namwino anandiika kachubu pamtsempha wa pamkono, ndipo ankabwera atanyamula wotchi n'kutenga magazi pa mphindi yeniyeni imene inalembedwa pa pepala lomata pabedi langa. Chakudya chinali choyezedwa ndipo ankafuna kuti m'mbale musatsale kanthu, khofi analetsa, ndipo mkodzo wonse unkasungidwa m'chigubu cholembedwa nambala yanga. Ena a ife analandira mapiritsi opanda mankhwala, otchedwa placebo, koma sitinauzidwe kuti ndi ndani. Mutu utandipweteka ndinanena nthawi yomweyo, ndipo zinalembedwa.

Malipiro anabwera m'zigawo, ndipo chigawo chomaliza anachipereka nditabwera kudzayezedwa komaliza. Munthu ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse, ndipo malangizo a FDA, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala, amati malipiro azikula molingana ndi nthawi imene watha m'kafukufuku, asadalire kumaliza kokha. Ndalamazi zimawerengedwa ngati ndalama zimene munthu wapeza, choncho zimakhomeredwa msonkho, ndipo zikhoza kukweza chiwerengero chimene chipatala kapena Medicaid imayang'ana poona ngati munthu akuyenera thandizo. N'chifukwa chake ndikuti fomu ya kuchipatala iyambe ndiyo. Kulowa m'kafukufuku si ntchito yoidalira, chifukwa malo ambiri amafuna kuti papite masiku osachepera 30 munthu asanalowe kafukufuku wina, ndipo kukanidwa poyezedwa n'kofala. Zimene ndinalandira ndinapatulapo za msonkho, zotsalazo ndinapereka kuchipatala, ndipo ndinapempha kalata yosonyeza kuti ngongole yatha kuti ndiisunge limodzi ndi chikalata cha kafukufuku chija, chimene chili ndi nambala yoimba ngati vuto lina lingadzaoneke m'thupi pambuyo pake.