Munthu ali chiimire, iwo akuti ndi chigoli: ulendo wanga wa ku Wrigley Field

Ndinapita ku America kukaona achemwali anga ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, tauni ija imene Amalawi anachulukana mpaka ufa wa nsima susowa. Sabata yachiwiri alamu anga anatopa kundiona ndili khale pa sofa, nanena kuti Loweruka tikaonere baseball ku Chicago. Ine wa Bullets kuyambira ubwana, ndinangovomera kuopa kukhumudwitsa mwini nyumba.

Tinakwera sitima ya South Shore Line m'mamawa. Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi South Bend, ndiye foni inadzibweza yokha tili m'njira, ine n'kumaganiza kuti yafa. Titatsika pa Millennium Station tinayenda pang'ono n'kukwera ya Red Line, yodzaza ndi anthu a zipewa zabuluu, mpaka pa Addison. Bwalo la Wrigley Field limangotulukira pakati pa nyumba za anthu. Linatsegulidwa mu 1914, timu ya Cubs inayamba kuseweramo mu 1916, ndipo magetsi oti azisewera usiku anaikidwa mu 1988. Khoma lakumapeto kwa bwalo ndi la njerwa, lokutidwa ndi zomera zoyanga za ivy zimene anabzala mu 1937. Bolodi lakale la zigoli ndi la chaka chomwecho, ndipo mpaka lero muli anthu m'kati mwake amene amasintha manambala ndi manja.

Ola loyamba sindinatolepo kanthu. Wina aponya, wina amenya ndi chibonga kapena aphonya, anthu akudya soseji ya m'banzi. (Ndinapempha ketchup, wogulitsa anandiyang'ana ngati ndatukwana, ku Chicago samathira.) Alamu anayesetsa kundilongosolera: womenya akamenya athamange kuponda malo atatu oimapo otchedwa mabesi, akabwerera pamene anayambira ndiye chigoli, chimene iwo amati run. Anthu atatu akatulutsidwa matimu amasinthana. Ndime zake ndi zisanu ndi zinayi, ndipo alendo ndiwo amayamba kumenya pa ndime iliyonse. Wotchi yoti mpira watha palibe.

Zinthu zinayamba kukoma mu ndime ya 8. Cubs inali m'mbuyo 3-2. Mnyamata wina anamenya n'kufika pa besi yoyamba, ndipo bambo wachikulire amene anakhala kumanzere kwanga, yemwe ankalemba chilichonse ndi pensulo pa kakhadi, anati "tying run" ili pa besi yoyamba, "go-ahead run" ikubwera kudzamenya. Ndinayang'ana bolodi, palibe chasintha.

"Alamu, chigoli chake chiti? Ine sindinaone."

"Sichinalowe, alamu. Uyo waima apoyo akafika kwawo tifanana mphamvu. Uyu wagwira chibongayu akafikanso, titsogola. Ndiye amawatchuliratu."

Apa ndi pamene ndinakhala tsonga. Kwathu chigoli timachitcha dzina chikagwedeza ukonde: chobweza, chofananitsa mphamvu, chopambanira. Palibe muulutsi wa pa wailesi amene anganene kuti chigoli chachiwiri chaima pakati pa bwalo chikumanga nsapato. Koma kuno munthu wamoyo, wa dzina lake ndi nambala kumsana, amasanduka chigoli chisanabadwe, ndipo dzinalo limayenda naye. Go-ahead run ili pa besi yoyamba, kenako yachiwiri, kenako yatsala mapazi 90 okha. Ndinauza alamu kuti uku n'kuwerengera madzi a mphutsi. Iwo anaseka, nati popeza palibe mphindi zowerenga, anthu amawerenga miyendo imene yatsala kuti ifike. Ndikaganiza bwino, nzeru ilipo. Woponya amadziwa amene ayenera kumuopa, mphunzitsi amadziwa nthawi yoika wothamanga kwambiri, ndipo ife a m'mipando tikudziwa pamene mtima uyenera kugunda.

Wachiwiri uja anafikadi pa besi yoyamba, mnzake n'kusunthira pa yachiwiri. Wachitatu anaumenya mpira mwamphamvu, n'kukalowa m'masamba a pakhoma aja osatulukanso. Wogwira wa timu ya alendo anangokweza manja m'mwamba. Anyamata awiri onse anathamanga mpaka kwawo, ine ndinalumpha kukuwa ngati ndili pa Kamuzu Stadium, kenako ndinaona woimbira akubweza mmodzi. Lamulo la bwaloli likuti mpira ukasowa mu ivy aliyense amasuntha mabesi awiri basi. Chofananitsa mphamvu chinalowa, 3-3, koma chotsogolera chinabwezedwa pa besi yachitatu, chili wefuwefu, manja m'chiuno. Sindinaonepo chigoli chikubwezedwa n'kukaimanso pa mzere kudikira mwayi wina. Wotsatira anamenya mpira m'mwamba kutali, anaugwira, koma mnyamata uja anayamba liwiro utangogwidwa n'kudziponya pansi, fumbi koboo. 4-3.

Bambo wa pensulo sanasangalale kwambiri. Anati pakufunika "insurance run", chigoli choonjezera choti ukagone mtima uli m'malo. Pamenepo anandikambira za 2016, ngati kuti zinachitika dzulo. Cubs inali isanatenge World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America, chiyambire 1908, zaka 108. Masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza a chikhocho, anachitikira ku Cleveland pa 2 November. Cubs inali patsogolo mpaka ndime ya 8, pamene Rajai Davis wa Cleveland anamenya mpira wa Aroldis Chapman, woponya wa Cubs, kuutulutsa kunja, zigoli n'kukhala 6-6. Ndime zisanu ndi zinayi zitatha kunagwa mvula, anaimitsa kwa mphindi 17. Atabwerera, Ben Zobrist wa Cubs analowetsa go-ahead run, ndipo aliyense amakumbukira iyeyo. Koma Miguel Montero anaonjezera china, 8-6, Cleveland n'kubweza chimodzi, masewero kutha 8-7. "Inshuwalansi" ija ndi imene inawapulumutsa. Anandigogoda pa bondo ndi pensulo ponena zimenezi.

Tsiku lathu inshuwalansi sinabwere, ndiye ndime ya 9 tinaionera titaimirira. Alendo anafikitsa munthu pa besi yachiwiri, ndipo ndinadzimva ndekha ndikuuza alamu kuti tying run yawo ili pafupi, asamale. Atatu atatulutsidwa masewero anathera pomwepo, Cubs osamenyanso, chifukwa mwini bwalo akakhala patsogolo palibe chomenyeranso. Mawu amodzi amene sindinawaone ndi maso ndi walk-off: eni bwalo akalowetsa chotsogolera mu theka lomaliza la ndime ya 9 kapena kupitirira apo, mpira umatha nthawi yomweyo, alendo n'kungotuluka akuyenda, mitu pansi. Alamu anati ku Japan chimenechi amachitcha sayonara, kutsanzikana.

Pamwamba pa bolodi anakweza mbendera yoyera ya chilembo cha W chabuluu, yoti ngakhale okwera sitima adziwe kuti zayenda bwino. Pa Addison panali chipwirikiti, tinadutsidwa ndi sitima ziwiri tisanapeze poponda. Ola lija tinapatsidwa m'mamawa anatilandanso pobwerera, ndipo tinafika ku South Bend achemwali atagona kale, nsima atativundikirira mu uvuni.