Wopita ku London wayamba walowera kummwera

Dzulo tinaperekeza mchemwali wanga kubwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe kuno ku Harare, pa ulendo wake wokagwira ntchito ya unamwino ku London. Ndege itati iuluke molunjika kuchokera pano mpaka kubwalo la Heathrow ku London, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 8,300, koma tikiti yake ndi yodzera ku Johannesburg, choncho wayamba walowera kummwera makilomita oposa 900 asanatembenukire kumpoto, ndipo ulendo wonse ukukwana makilomita pafupifupi 10,000. Amayi atamva zimenezi anagwira pakamwa, nafunsa ngati woyendetsa ndegeyo akuidziwadi njira. Ine chikundiwawa kwambiri ndi maola amene akhale akudikira pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg, jekete lake latsopano lili pamiyendo.