Kadzutsa ndi kuthamanga kwa ife amene tikukonzekera kulowa usilikali

Mphekesera zikangoyamba kumveka kuti a Malawi Defence Force atsala pang'ono kulemba asilikali atsopano, misewu ya mu Lilongwe imadzaza ndi achinyamata othamanga m'bandakucha, ndipo chaka chino ine ndili m'gulu lomwelo. Ambiri mwa ife tinamaliza sukulu kale, takhala tikugulitsa m'maokala, kuyendetsa kabaza wa njinga yamoto kapena kungokhala pakhomo, ndipo thupi linabwera osalizindikira. Tsopano aliyense akufuna kulichepetsa mwachangu asanakaonekere pamaso pa oyeza. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira imene anzanga ambiri asankha, yosiya kadzutsa n'kumathamanga ndi njala mpaka masana, poganiza kuti m'mimba mukamalira ndiye kuti mafuta akusungunuka.

Njira imeneyi sindikugwirizana nayo, ndipo chifukwa chake chili kumene tikufuna kupitako. Asilikali atsopano amakaphunzira ku Malawi Armed Forces College ku Salima, kumene ambirife timangoti ku MAFCO, ndipo maphunziro a kumeneko amafuna munthu wotha kusenza chikwama ndi mfuti, kuyenda mtunda wautali, kugona pang'ono, n'kudzukanso mawa lake ali ndi mphamvu. Munthu amene wachepetsa thupi podzimana chakudya amataya mafuta pamodzi ndi minofu, ndipo mafupa ake salimba mokwanira kuti apirire kupondaponda kwa tsiku ndi tsiku. Sikelo ikhoza kumusangalatsa kuno ku Lilongwe, koma miyendo idzamukana m'masabata oyambirira omwe.

Pali masamu ochepa amene anandithandiza kuiona bwino nkhaniyi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyeso wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 7,700. Munthu akamathamanga amatentha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse, kotero wolemera makilogalamu 80 akathamanga makilomita 5 amatentha makalori ngati 400. Ngati munthu ameneyu sasintha kadyedwe, ayenera kuthamanga mtunda womwewo maulendo pafupifupi 19 kuti kilogalamu imodzi yokha ichoke. Tsono makalori 400 amenewa sachedwa kubwerera. Supuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalori 16, supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 120, ndiye munthu akamwa makapu awiri a tiyi wa masupuni anayi anayi, n'kudyera mandasi atatu amene akusiya chizindikiro cha mafuta pa pepala, thukuta lonse la m'mawa uja walibweza asanasambe n'komwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa pa tsiku, amene ndi masupuni aang'ono 12, ndipo limati kufika pa theka la pamenepa n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili kale ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8.

Choncho chimene ndinachotsa pa kadzutsa wanga ndi shuga wochuluka ndi zokazinga, ndipo m'malo mwake ndinabwerera ku phala la mgaiwa, lomwe ambiri timalinyoza kuti ndi la ana kapena la kumudzi. Ndikabwerako kothamanga ndimatereka madzi pa mbaula, n'kuyamba ndasungunula ufa m'madzi ozizira m'kapu kuti phala lisachite mibulu. Madzi akawira ndimathiramo uku ndikuvundula, kenako ndimalisiya libwate mpaka fungo la ufa wosapsa litatha, chifukwa phala lophulidwa msanga limavutitsa m'mimba. Pomaliza ndimathira kamchere ndi masupuni awiri a nsinjiro, ndipo m'malo mwa shuga ndimadulira nthochi yakupsa pamwamba. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga wake sanachotsedwe, kotero umagayika pang'onopang'ono ndipo munthu samva njala mpaka nthawi ya nkhomaliro. Nsinjirozo ndimachita kuyeza dala, pakuti ngakhale mtedza uli ndi zomanga thupi zambiri, pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo wongothira ndi dzanja akhoza kudabwa kuti thupi silikutsika chonsecho akudya zabwino. Amene angakwanitse Likuni Phala, la chimanga ndi soya, alinso panjira yabwino, bola asalisandutse la shuga.

Masiku ena ndimadya mbatata yophika, makamaka yofiira mkati imene ili ndi vitamini A, pamodzi ndi dzira limodzi kapena awiri owiritsa. Dzira limodzi lili ndi zomanga thupi zokwana magalamu pafupifupi 6, ndipo zomanga thupi n'zimene zimateteza minofu pamene mafuta akuchoka. Ndikudziwa kuti mazira sapezeka tsiku lililonse m'nyumba zathu zambiri, koma nyemba zotsala usiku, usipa kapena soya zimagwira ntchito yomweyo, ndipo palibe chochititsa manyazi kudya mkute pang'ono ndi nyemba m'mawa ngati wasungidwa bwino n'kuufunditsa. Futali nayenso ndi wabwino. Buledi sindinamusiyiretu, koma ndinaona kuti magawo anayi a buledi woyera wopaka majarini amandisiya ndi njala nthawi isanakwane 10 koloko, ndipo njala ya nthawi imeneyo ndi imene imakokera munthu pa chiwaya cha tchipisi.

Tiyi ndiye anali nkhani m'nyumba mwathu. Mayi anga ankaona ngati ndikudzizunza, chifukwa kwa iwo tiyi wopanda shuga ndi wa munthu wodwala, ndipo ndinafunika kukhala nawo pansi n'kuwafotokozera mwaulemu kuti chakudya chawo sindikuchikana. Shuga ndinamuchepetsa pang'onopang'ono, supuni imodzi imodzi, mpaka lilime linazolowera. Amene mumadyera pamodzi ndi abale, kambiranani nawo msanga, chifukwa wophika akamvetsa cholinga chanu amakuthandizani kuposa wina aliyense, ngakhale pa kakulidwe ka mitanda ya nsima ya mgonero.

Anzanga ena amafunsa ngati kuli koyenera kudya asanatuluke. Ngati mtunda ndi waufupi, wosapitirira ola limodzi, madzi ndi nthochi imodzi n'zokwanira, ndipo ena amathamanga bwinobwino atangomwa madzi okha. Vuto limabwera pamene munthu wabwerako n'kukhala osadya kanthu mpaka madzulo, chifukwa minofu imene yagwira ntchito imasowa chodzikonzera, ndipo nthawi zambiri munthuyo amadzadya mopitirira muyeso usiku.

Pa kuthamanga kwenikweniko, mwambi wa makolo woti kuthamanga sikufika umagwira ntchito ndithu. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri m'mbali mwa bwalo la Bingu National Stadium ku Area 48 ndi pa msewu wa bypass n'chakuti anyamata amayamba ndi liwiro la mpikisano, aliyense kufuna kuonetsa mnzake kuti ali ndi mpweya, ndipo pakatha sabata ziwiri theka la gululo likutsimphina. Kuthamanga kumene kumamanga mpweya ndi kuja munthu amatha kuyankhula chiganizo chathunthu uku akuthamanga. Wolemera thupi amene wakhala nthawi yaitali osachita masewera ayambe ndi kusakaniza, mphindi ziwiri kuthamanga, mphindi imodzi kuyenda, kwa theka la ola, masiku atatu kapena anayi pa sabata, ndipo aziwonjezera mtunda pang'ono chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi sabata iliyonse. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha zimatenga nthawi yaitali, n'chifukwa chake munthu amadzimva kuti angathe kupitirira pamene miyendo yake isanakonzeke.

Thupi litazolowera, ndinagawa sabata yanga motere. Masiku awiri ndimathamanga mofatsa. Tsiku limodzi ndimapita pa bwalo la mpira la sukulu yoyandikana nafe, kumene ndimathamanga mwamphamvu kuzungulira bwalo kamodzi, n'kuyenda mpaka mpweya utabwerera, n'kubwerezanso kangapo, pakuti poyeza olowa usilikali liwiro limafunikanso. Loweruka ndi la mtunda wautali, ndipo ndimasankha njira yokhala ndi zitunda, monga zija zokwera kuchokera ku mtsinje wa Lingadzi. Masiku otsalawo ndi a mapushapu, masitapu, kunyonyomala n'kudzuka, komanso kuyenda ndawala nditabereka chikwama chokhala ndi mabotolo a madzi kuti msana ndi mapewa zizolowere katundu. Tsiku limodzi pa sabata sindichita chilichonse, ndipo tsiku limeneli ndimaliwerengera ngati gawo la maphunziro, chifukwa minofu imakula pamene munthu akupuma ndi kugona mokwanira.

Ululu wa m'misongolo ndi umene umagwetsa ambiri. Umayamba ngati kuwawa pang'ono m'mbali mwa fupa, ndipo munthu akaunyalanyaza n'kupitiriza kuponda phula tsiku ndi tsiku, fupa likhoza kuchita mng'alu umene umatenga masabata ambiri kuti upole. Ululu ukakhala pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala, ndipo ukupitirira ngakhale mukungoyenda, siyani kuthamanga mupite kuchipatala. Ine ndimasakaniza phula ndi misewu yafumbi ya m'makwalala mwathu kuti miyendo ipumeko. Nsapato nazonso n'zofunika kuzisankha modekha. Pa kaunjika wa ku msika wa Tsoka zabwino zimapezeka, koma musakopeke ndi maonekedwe a pamwamba. Itembenuzeni nsapatoyo muone ngati chidendene sichinadyeke mbali imodzi, dinani pansi pake ndi chala chachikulu mumve ngati pakubwerera, ndipo muivale ndi sokosi muone ngati kutsogolo kwa chala kwatsala mpata wokwana chala chimodzi cha m'manja. Ena amathamanga atavala majombo tsiku lililonse ati azolowere. Kuyenda nawo nthawi zina n'kothandiza, koma kuthamanga nawo pa phula thupi likadali lolemera ndi kuitana kuvulala.

Chinanso chimene ndimapempha anzanga kuti asiye ndicho kuvala mapepala apulasitiki m'kati mwa zovala kapena majekete awiri kuti atuluke thukuta lambiri. Chimene chimachoka pamenepo ndi madzi, ndipo amabwerera munthu akangomwa, pamene chiopsezo chokomoka ndi kutentha n'chenicheni, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. N'chimodzimodzinso matiyi ndi mankhwala ochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, omwe ambiri amangotsegula m'mimba. Kutsika koyenera ndi theka la kilogalamu kufikira kilogalamu imodzi pa sabata, kotero wofuna kuchotsa makilogalamu 8 ayenera kudzipatsa miyezi iwiri kapena inayi. Kukwera sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa usanadye, n'kokwanira, ndipo nthawi zina lamba wa buluku amanena zoona kuposa sikelo, chifukwa minofu ikamakula kulemera kumatha kuima pamene chiuno chikuchepa.

Kutentha kwa ku Salima n'koyenera kukukonzekera padera. Lilongwe ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka zala kuuma, pamene Salima ali m'munsi m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kotentha ndi kwa chinyontho. Thupi limafuna masiku 10 kufikira 14 kuti lizolowere kugwira ntchito pa kutentha, choncho nthawi ikamayandikira ndi bwino kusuntha maulendo ena ofatsa kuwaika dzuwa litatuluka, utanyamula madzi, osati masana dzuwa lili paliwombo. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi.

Pamsewu tizisamala. Popeza galimoto kuno zimayenda kumanzere, wothamanga atsate mbali ya kumanja kuti aziona zimene zikubwera kutsogolo kwake, avale chovala chowala, ndipo asatseke makutu ndi nyimbo, chifukwa a kabaza ena amayenda opanda nyali m'bandakucha. Kuthamanga m'gulu kumateteza ku akuba ndi agalu, ndipo kwa alongo athu amene nawonso akukonzekera usilikali n'kofunika kwambiri. Kwa iwo ndiwonjezere kuti kudzimana chakudya kumachepetsa magazi, ndipo msambo ukasiya pamene munthu akuthamanga kwambiri n'kumadya pang'ono, ndi chizindikiro chakuti thupi likuperewera chakudya ndipo mafupa ali pa chiopsezo. Zikatero pamafunika kuonana ndi a chipatala ndi kuwonjezera chakudya, makamaka nyemba, usipa, chiwindi ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi chisoso.

Aliyense amene akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka akayezetse kaye kuthamanga kwa magazi asanapitirize, ndipo thupi likatentha asathamange mpaka atayezetsa malungo. Mowa wa kumapeto kwa sabata umabweza makalori ambiri ndiponso umasokoneza tulo, kotero ine ndinausiyiratu m'nyengo ino.

Tsiku lokayezedwa likadziwika, sabata yomaliza si yochepetsanso thupi. Mtunda wothamanga uchepetsedwe ndi theka, nsima ndi ndiwo zidyedwe mokwanira, nsapato zatsopano zisavalidwe koyamba pa tsikulo, ndipo kadzutsa wa m'mawa umenewo akhale yemwe uja m'mimba munamuzolowera kale, wodyedwa maola awiri kapena atatu nthawi yothamanga isanakwane.