Ulendo wa ku Islay ndi Lamulungu lomwe ndinataya podikira takisi

Ndabwerako, ndipo mtima wayamba kukhala m'malo. Inu amene mukufuna kukaona kumene amatchezera whisky wonunkhira utsi uja pachilumba cha Islay ku Scotland, mvetserani: bukitsani mayendedwe kaye, zokalawa pambuyo. Ine ndinayambira kumchira, ndipo zinandiwawa.

Kuchoka ku Glasgow pa basi mpaka padoko la Kennacraig ndi maola atatu ndi kanthu, kenako sitima yapamadzi pafupifupi maola awiri. Funsitsitsani kumene sitimayo ikukakocheza, ku Port Ellen kapena ku Port Askaig, chifukwa madokowa atalikirana.

Loweruka zinayenda bwino. Kuchokera ku Port Ellen kuli kanjira ka oyenda pansi, makilomita asanu ndi pang'ono, kodutsa pa Laphroaig, Lagavulin mpaka Ardbeg. Mafakitale atatuwa ndi azaka zoposa 200, ndipo whisky wake ndi uja wautsi kwambiri. Ku Laphroaig ndinaona ndi maso anga chimera cha balere atachiyanika pansi, kenako n'kuchifukiza ndi peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe amalidula zidutswa, kuliumitsa n'kumasonkhezera moto. Fungo lonse lija limachokera pamenepo. Amene munaonererapo potcheza kachasu simungasokonezeke, kungoti kuno miphika yake ndi yamkuwa, italiitali, amatcheza kawiri, ndipo lamulo limati mowawo ugone m'migolo yamtengo wa oak zaka zosachepera zitatu usanatchedwe Scotch, dzina la whisky wa ku Scotland.

Tsono Lamulungu. Abale anga, Lamulungu limenelo! Ndinali nditalipiriratu malo okalawa pafakitale ina yakutali ndi kumene ndinagona. Palibe anandiuza kuti mabasi a pachilumbachi sayenda Lamulungu. Nditadziwa Loweruka madzulo, ndinaimbira matakisi mmodzimmodzi, onse odzaza. Wina anavomera kuti abwera 10 koloko m'mawa. Ndinaima panja, mphepo yapanyanja ikundilowa mpaka m'mafupa. 10 inakwana, 11 inadutsa. Foni yake imangoitana. Anadzayankha masana, mopanda ndi manyazi omwe, kuti anapeza gulu la alendo lomubwereka tsiku lonse. Ngakhale kauthenga kokha! Nthawi yanga inali itapita, ndalama yomwe ndinalipira inalowa m'madzi, ndipo tsiku lathunthu ndinalithera pazenera kuyang'ana mvula. Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti akanangonena chilungamo usiku uja, ndikanabwereka njinga. Matakisi kumeneko ndi owerengeka. Bukitsani masabata angapo musananyamuke, ndipo dzulo lake muimbenso kutsimikiza.

Ndayiwala kunena za galimoto. Mukapita ndi yanu, malo ake musitima amatha msanga kuposa a anthu. Komanso malire a mowa kwa oyendetsa ku Scotland ndi otsika kuposa ku England: mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi kuyambira 2014, pomwe ku England ndi 80. Musalawe n'komwe. Nenani kuti mukuyendetsa, mafakitale ambiri amakuthirirani m'timabotolo kuti mukamwere kogona.

Lolemba ndinakwera basi kupita ku Bowmore, fakitale yakale kuposa onse pachilumbachi, ya mu 1779. Utsi wake ndi wofatsa, ndipo mowa womwe anaugoneka m'migolo yomwe munali sherry, vinyo wa ku Spain, unanditsekemera ngati zipatso zouma. Ndinapitirira ku Bruichladdich, komwe ndinaphunzira kuti si whisky yense wa ku Islay ali ndi utsi. Wotchedwa dzina la fakitaleyo alibe peat, koma anthu omwewo amapanganso Port Charlotte ndi Octomore, woti ukangonunkhiza umakhala ngati waweramira pamoto wa nkhuni zaziwisi. Kwa ine Lagavulin wazaka 16 ndiye anandigwira mtima, utsi wake sukulasa pakhosi, umabwera pang'onopang'ono.

Bunnahabhain ndi Caol Ila, kumpoto chakum'mawa, sindinafikeko. Tsiku lake ndi lija linadyedwa ndi takisi. Mukafuna kupita kumapeto kwa Meyi, nthawi ya chikondwerero cha Fèis Ìle, malo ogona amatha miyezi yambiri chisanafike, ndiye yambani ndi sitima, kogona ndi takisi. Ndipo fakitale yakutali musaiike pa Lamulungu.