Pakamwa ndili napo

Semesita ino aphunzitsi athu anatipatsa mutu wa momwe wophunzira wa pa yunivesite angaimire limodzi ndi anthu osalidwa chifukwa cha khungu lawo. Anayambira kutali, kwa Rosa Parks, mayi wakuda amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi ku Montgomery, ku America, mu 1955. Kenaka anatibweza kwathu kuno ku Mozambique, pa lamulo la Apwitikizi logawa anthu kukhala indígena (anthu akuda wamba) ndi assimilado (akuda ovomerezedwa kuti atengera chikhalidwe cha Chipwitikizi), lomwe linathetsedwa mu 1961. Agogo anga ku Angónia amasimbabe za chibalo mpaka lero, ndiye ine ndinkangogwedeza mutu, kudziona katswiri.

Atatero anafunsa kuti, "Nanga lero mu Tete muno, khungu likusautsa ndani?" Kalasi yonse zii. Aliyense ankapewa kuyang'ana kutsogolo kumene kunakhala mnzathu wachialubino, chipewa chake chili pa desiki, nkhope pafupifupi kukhudza kope polemba.

Ine ndi phuma langa ndinaimirira. Ndinalankhula za kuphedwa kwa anthu achialubino kuno ndi ku Malawi, za manda ofukulidwa, za asing'anga onama kuti mafupa amalemeretsa. Ndinafika mpaka pomuloza, ati kupereka chitsanzo. Anzanga anandiwombera m'manja.

Potuluka mnzathu wachialubino uja anandiimitsa pamthunzi wa mtengo wa nimu. "Achimwene, pakamwa ndili napo. Mwandisandutsa maliro ndili moyo." Manyazi ake, thukuta linachita kuposa la dzuwa la Okutobala.

Titakhala pansi ndiye anandiuza zimene zimamuvutadi tsiku ndi tsiku, ndipo palibe chimodzi chimene ndinatchula m'kalasi muja. Zolemba za pa bolodi saziona bwino ngakhale akhale kutsogolo. Mafuta oteteza khungu ndi odula, pamene kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi khansa ya pakhungu. M'chapa, minibasi zathu zija, ena amasuntha kuti asakhudzane naye, kondakitala n'kumamuitana mayina achipongwe anthu n'kumaseka. Amene amaseka aja ndi amene amamupweteka mtima kuposa kondakitalayo.

Ndinamufunsa chomwe ndingachite. Anati ndizimutumizira zithunzi za pa bolodi pa WhatsApp kuti azikulitsa pa foni, ndipo kalasi ikatha mochedwa tiziwolokera limodzi mlatho wa Samora Machel popita ku Matundo. Za pa 13 Juni, tsiku lokumbukira anthu achialubino, anati adzalankhula yekha. Ine ntchito yanga ndi kukapempha holo ndi kunyamula mipando.